Mfumu inamuitana ndi dzina lake

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa 2 Samueli 9. Ngati muli ndi kanthawi musananyamuke, werengani mutu wonsewo, uli ndi mavesi 13 okha.

Davide atakhazikika pampando wachifumu ku Yerusalemu, anakumbukira pangano lake ndi bwenzi lake la pamtima, Yonatani, mwana wa Sauli mfumu yakale. Anafunsa ngati kunatsala wina wa banja la Sauli woti amuchitire chifundo cha Mulungu. Anamubweretsera Ziba, amene kale anali wantchito wa Sauli. Tamvani yankho la Ziba: alipo mwana wa Yonatani, wolumala mapazi. Basi. Dzina sanatchule. Munthuyu ankamudziwa bwino, ngakhale kumene ankakhala ankakudziwa, kwa Makiri mwana wa Amiyeli ku Lodebara, koma choyamba kutuluka pakamwa pake chinali miyendo.

Tisafulumire kumudzudzula Ziba, chifukwa ifenso timayankhula chimodzimodzi. "Mayi wosabereka uja." "Mnyamata wachialubino uja." "Bambo anatuluka kundende aja." Mwina mayiyo wakhala akuimba nafe kwaya imodzi kwa zaka zambiri, ndiye amayamba kufika pamaliro ndi ndowa yamadzi pamutu, koma tikafuna kumulongosola timagwira pamene pamamupweteka. Agogo akafooka, maso atafiira ndi utsi wa kukhitchini, ayamba kuiwalaiwala n'kumayankhula okha, ena m'mudzi amayamba kunong'onezana za ufiti. M'dziko lathu lino okalamba ena amenyedwa, ena aphedwa kumene chifukwa cha manong'onong'o otere. Ndi tchimo, ndipo mpingo usamalitchule mwamanyazi.

Mwana wa Yonataniyo, dzina lake Mefiboseti, sanabadwe wolumala. Pa 2 Samueli 4:4 timawerenga kuti anali ndi zaka 5 pamene uthenga unafika woti bambo ake Yonatani ndi agogo ake Sauli afa kunkhondo. Mlezi wake anamunyamula kuti athawe naye, ndipo m'chipwirikiticho mwana anagwa. Tsiku limodzi lomwelo anakhala mwana wamasiye komanso wolumala, ndipo amene anamugwetsa anali munthu wofuna kumupulumutsa. Ambiri mwa ife tikusenza zinthu zotere, zimene sitinazisankhe, zina zochokera kwa anthu amene ankatikonda.

Pamene ankaitanidwa kunyumba yachifumu anali atakula kale, ali ndi mwana wake dzina lake Mika. Ayenera kuti anapita mtima uli m'mwamba, pakuti masiku amenewo mfumu yatsopano nthawi zambiri inkafafaniza mbewu ya mfumu yakale. Anafika n'kugwa chafufumimba. Mawu oyamba a Davide anali dzina lake: "Mefiboseti!" Kenako anamuuza kuti asaope. Anamubwezera minda yonse ya Sauli, nalamula Ziba pamodzi ndi ana ake aamuna 15 ndi antchito ake 20 kuti azimulimira. Ndipo anati azidya patebulo la mfumu masiku onse, ngati mmodzi wa ana a mfumu.

Yankho la Mefiboseti limandigwira mtima kuposa zonse. Anadzitchula galu wakufa. Palibe amene anamutukwana tsiku limenelo, anadzitukwana yekha. Munthu akanyozedwa nthawi yaitali amafika poloweza chipongwecho, n'kumachinena yekha anthu asanayambe. Ndi chifukwa chake mlongo wina amakhala benchi yakumbuyo Lamulungu lililonse poti chitenje chake chinasuluka, ndipo m'bale wina anasiyiratu kubwera kumapemphero kuyambira pamene ntchito inatha, akuti adzabwera zinthu zikadzayenda. Davide sanakangane naye za galuyo. Anangotembenukira kwa Ziba n'kuyamba kukonza za minda.

Tsopano onani vesi lomaliza. Likuti Mefiboseti ankakhala ku Yerusalemu, ankadya patebulo la mfumu nthawi zonse, ndipo anali wolumala mapazi onse awiri. Wolemba sanabise zimenezi. Palibe chozizwitsa m'mutu umenewu, miyendo sinawongoke. Mulungu amachiritsa, ine ndimakhulupirira zimenezo, koma timalakwitsa tikamaphunzitsa ngati kuti machiritso, ukwati, mwana kapena galimoto ndiye chiphaso chosonyeza kuti Mulungu wamulandira munthu. Mefiboseti analandiridwa chifukwa cha pangano limene linachitika pakati pa Davide ndi Yonatani, iye osachitapo kanthu. Nafenso Aroma 5:8 akutiuza kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, tisanasambe, tisanakonze chilichonse.

Yakobo, m'mutu wachiwiri wa kalata yake, anaona kale zimene zimachitika pakhomo la tchalitchi: wovala mphete yagolide ndi zovala zonyezimira amamulozera mpando wabwino, wosauka amauzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Inu amene mumalandira alendo pakhomo, inu akulu ampingo ndi amayi amsonkhano, Lamulungu likubwerali mudzayang'ane bwino kuti ndani akukhala pati, ndipo ndani anamuika pamenepo. Lero lomwe, pali munthu kuntchito kapena pamsika amene mumangomudziwa ndi chilema chake kapena vuto lake. Mufunseni dzina, mumupatse moni nalo.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mukudziwa amene adzuka lero akudziona ngati opanda pake chifukwa cha thupi lawo, ukalamba wawo, ngongole kapena mbiri yawo yakale. Ayankhuleni monga Davide anayankhulira Mefiboseti, kuti asaope. Tetezani agogo athu ndi abale athu achialubino kwa anthu ankhanza, ndipo sungani pakamwa pathu tikamanena za anzathu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.