Makalata a Omvera: Mtima Ukalemera Osapepuka

Mwaswera bwanji a ku Dedza, a ku Ntcheu ndi konse kumene mawu athu akufika. Sabata yatha tinakamba za matenda a kukhumudwa, aja achipatala amati depression, ndipo tinapempha inu amene mumakhala pafupi ndi odwala kuti mutilembere zimene mukudziwa. Mwalembadi, thebulo ladzaza. Lero ndasankha asanu. Kunjaku kwazizira, sendezani mbaula pafupi, tiyambe.

Yoyamba yachokera ku Bembeke, kwa mayi amene amayendera odwala mumpingo mwawo. Akuti:

"Aulutsi athu, anthu ambiri amasokoneza chisoni ndi matendawa. Chisoni chimabwera n'kumapumira. Wofeledwa amalira, koma mdzukulu akachita zoseketsa amaseka, kenako n'kuliranso. Matenda a kukhumudwa sapumira. Zizindikiro zake zazikulu ndi ziwiri: mtima kulemera pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, komanso kusakondwanso ndi zimene munthu ankakonda, kaya ndi kwaya, bawo kapena dimba lake. Zikatha masabata awiri zili choncho, n'kuphatikizana ndi kudzidzimuka 3 koloko usiku tulo osabweranso, kudya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, kufooka, kuiwalaiwala ndi kudziona wopanda pake, chimenecho si chisoni wamba. Chovuta n'chakuti kwathu kuno munthu sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukugunda, m'thupi mukuyenda zinthu, ndikuganiza kwambiri. Amangogula Panado pagolosale, malungo kuyezetsa katatu osapezeka. Funso langa: wofeledwa timupatse nthawi yaitali bwanji tisanati apite kuchipatala?"

Zikomo mayi, mwafotokoza ngati mphunzitsi. Chisoni chilibe kalendala, ndiye musawerenge masiku, yang'anani kumene munthuyo akulowera. Wachisoni amalira malemu, ndipo pang'onopang'ono amabwerera kumunda ndi kumsika ngakhale misozi ili m'maso. Wodwala amadzitembenukira yekha: ndine tsoka, ndine mtolo kwa ana anga. Ngati miyezi ikupita iye akunka natsika, sakusamba, chitenje chikumasuka m'chiuno chifukwa chowonda, m'perekezeni. Akamanena zowatsatira malemu, musadikire ngakhale tsiku limodzi.

Mukafika kuchipatala musangonena mutu wokha, chifukwa mubwerako ndi mankhwala a mutu. Nenani za tulo, za kadyedwe, za maganizo, ndi kuti zayamba liti. Pali pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, malikisi ake amachokera pa 0 kufika 27, ndipo munthu akafika 10 kapena kupitirira amafunika kuunikidwa bwino. Pemphaninso kuyeza magazi, shuga ndi HIV, poti kuchepa magazi nakonso kumafooketsa munthu mofanana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa akuluakulu 100 alionse padziko, 5 kapena 6 ali ndi matendawa, ndipo mwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene ndi oposa mmodzi mwa 10. Ndiye mayi wa khanda akamaliralira masiku oyambirira, zimenezo zimatha zokha masabata awiri asanathe. Zikapitirira, mwana osafuna kumuyang'ana, kauzeni anamwino kusikelo.

Yachiwiri ndi yaitali, koma sindiidula. Yachokera kwa anamwino opuma pantchito, pa boma pa Ntcheu.

"Ndikufuna kukamba za mankhwala, poti ndi pamene ambiri amagwera. M'zipatala za boma amene amapezeka kawirikawiri ndi awiri, amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline amamwa usiku chifukwa amagonetsa. Amayambira pang'ono, nthawi zambiri 25 mg, n'kumakwezedwa ndi achipatala sabata ndi sabata, pakuti mlingo woyambirawo pawokha sukwanira kuchiza munthu wamkulu. Amaumitsa kukamwa, amamanga m'mimba, ndipo ukadzuka mofulumira umamva chizungulire. Chochepetsa zovutazi n'kumwa madzi pafupipafupi, kudya masamba ndi zipatso, ndiponso kukhala kaye pamphepete pa bedi kamphindi musanaimirire. Wodwala mtima anene msanga, chifukwa amitriptyline sagwirizana ndi mtima wovuta. Fluoxetine amamwa m'mawa, kawirikawiri 20 mg, mutadya, poti masiku oyamba amachititsa nseru ndi litsipa, ndipo akamwedwa madzulo amathawitsa tulo. Kwa ena amachepetsa chilakolako cha m'banja. Zimenezo kazineneni, si zamanyazi, mankhwala amasinthika.

"Tsono cholakwika chachikulu ndi ichi. Zovuta za mankhwala zimabwera sabata yoyamba, pomwe ubwino wake umayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ena mpaka 6. Munthu amwa masiku asanu, kukamwa kwauma, mtima udakali wolemera, basi akuti sakugwira, n'kuwaponya pawindo. Cholakwika chachiwiri chimabwera munthu akayamba kupeza bwino. Wayambanso kulima, akuseka, abale akuti wachira, asiye. Pakapita miyezi iwiri zabwerera. Munthu akachira apitirize miyezi yosachepera 6, malangizo a WHO amanena 9 mpaka 12, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono kwa mwezi kapena kupitirira, motsogozedwa ndi achipatala. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, maloto oipa ndi kukwiyakwiya. Mankhwalawa si oledzeretsa, munthu sawalakalaka ngati fodya."

Anamwino, Mulungu akusungeni. Ndingowonjezera zitatu. Mankhwala akatsala a sabata imodzi, pitani mukatenge ena, musadikire kuti pepala likhale mbee, chifukwa mutha kukapeza atha kufamase, ndiye mufunika masiku oti mufufuze kwina. Chachiwiri, ngati wodwalayo anakhalapo ndi nyengo yosagona masiku angapo koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kuyankhula osapuma, ndalama za mbatata kuzimwaza sabata imodzi, auzeni adokotala asanalembe mankhwala. Amenewo akhoza kukhala matenda ena otchedwa bipolar, ndipo mankhwala a kukhumudwa paokha amawadzutsa. Chachitatu, masabata oyambirira wodwala azionedwa pafupipafupi, makamaka wosakwana zaka 25, popeza mphamvu za thupi zimabwerera msanga maganizo asanayere. Mapilitsi azisunga m'bale wodalirika, n'kumapereka a tsiku limenelo okha.

Ena mumaopa kuti mukangotchula maganizo akutumizani ku Zomba. Ayi. Chipatala cha Zomba Mental, kapena cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndi cha amene zawakulira. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mukafika funsani anamwino oona za matenda a maganizo.

Yachitatu, yochokera kwa mlangizi wa zaumoyo wa ku Mayani, yakhudza zimene munthu angachite pakhomo.

"Matendawa amanamiza munthu kuti adikire mtima ufune kaye ndipo adzadzuke. Mtima sufuna. Munthu akagona tsiku lonse ntchito zimaunjikana, zikaunjikana amadziimba mlandu, akadziimba mlandu amagonanso. Chingwe chimenechi chimadulidwa ndi zochita, osati ndi kuganiza. Madzulo, lembani kapena uzani wina zinthu zitatu za mawa, chilichonse ndi nthawi yake: chimodzi chosamalira thupi, chimodzi cha ntchito, chimodzi chokumana ndi munthu. Zikhale zazing'ono mpaka zochititsa manyazi. Osati kupalira munda, koma mizere iwiri. Osati kuchapa zovala zonse, koma malaya amodzi. Osati kupita kumsonkhano, koma kukhala pakhonde la anansi mphindi 10. Mizere iwiri ikatha, siyani, ngakhale mukuona kuti mungapitirize. Ambiri amalakwitsa tsiku limene apezako bwino: amalima mpaka dzuwa kupendeka, mawa lake n'kulephera kudzuka, n'kumati mwaona, sindingathe. Muziwonjezera pang'ono pakatha masiku atatu kapena anayi.

"Za tulo: dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku munangotembenuka. Tulukani mukaothe dzuwa la m'mawa, muyende mphindi 20 kapena 30. Tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Tiyi wamasamba lekani dzuwa likapendeka, foni isagone nanu pamkeka. Tulo tikakana, musalimbane nato, dzukani mukhale pampando, muzitongola chimanga kapena kusankha nyemba mpaka maso alemere."

Achimwene, pa mizere iwiri paja mwandigwira mtima. Abale amene mukumvera, mawu oti "limba mtima", "ndi ulesi umenewu", "ena akuvutika kuposa iwe" sadzutsa munthu, amangomukwirira. M'malo monena kuti pita ukasambe, nenani kuti madzi ndatenthetsa, ali kubafa. M'malo monena kuti uziyendako, nenani kuti ndiperekeze kuchigayo. Pemphero nalonso lili ndi malo ake, ine sindilitsutsa, koma m'busa wabwino amapempherera wodwala n'kumukumbutsa tsiku la kuchipatala.

Pa nkhani ya chithandizo chokambirana, ku Harare mu 2006 dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench: agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera anthu. Njirayo inafikanso m'zipatala zina kuno kwathu. Mutu wake ndi wosavuta. Tchulani mavuto onse, sankhani limodzi lokha loti likhoza kusuntha, ganizirani njira zingapo, tengani imodzi, mugwirizane tsiku ndi nthawi, kenako mukumanenso sabata ya mawa muone ngati zatheka. Limodzi lokha, osati mtolo wonse.

Yachinayi ndi yaifupi, ya bambo wina wa komiti ya ogulitsa mbatata ndi kabichi pa Lizulu.

"Kwa amuna matendawa amabisala m'botolo ndi mu ukali. Mitengo ikagwa, ngongole ya feteleza ndi ya katapira ili pakhosi, munthu amayamba kumwa kuti agone. Kodi kapu imodzi ya madzulo ndi yolakwika, poti imagonetsadi?"

Bambo, imagonetsadi, sindikana. Koma mowa umagonetsa maola oyamba okha. Ukamatha m'magazi, cha m'ma 2 kapena 3 koloko, munthu amadzidzimuka mtima ukugunda, ndipo ndi nthawi imene ngongole ya K200,000 imaoneka ngati phiri la Dedza. Mawa lake kapu imodzi sikwanira. Ukasakanikirana ndi amitriptyline umagonetsa mopitirira muyeso, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti umachotsa mabuleki: maganizo amene munthu akanawakana ali bwinobwino, ataledzera amawachita. Koma amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, manja n'kumanjenjemera m'mawa, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kukomoka kapena kusokonekera mutu. Asiyire kuchipatala.

Za ngongolezo, lembani zonse papepala muli awiri, dzina, ndalama, tsiku lobweza. Yambani ndi ya chiwongoladzanja chokwera. Pitani kwa mwini ngongole iye asanakubwerereni, mutatenga mboni, mukanene zimene mungathe pamwezi. Musatenge katapira wina kuti mubwezere woyamba. Ndipo munthu ali m'kati modwala asagulitse munda kapena kuthetsa banja, zimenezo zidikire mutu uyere.

Yomaliza yachokera kwa anyakwawa a mudzi wina wa kufupi ndi Tsangano.

"Mwana wanga, zonse mwanena kuti zimafuna kudekha. Nanga munthu akamati bola kungofa, kapena wayamba kugawa zovala ndi kutsanzika anthu, tichite chiyani? Ena amati ukamufunsa umamupatsa nzeru yoipa."

Zikomo mfumu. Pano pokha ndiye palibe kudekha. Kufunsa sikupatsa munthu maganizo amenewo, ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Mutengereni pambali, mufunse mosazungulira: kodi ukuganiza zodzipha? Akavomera, musamukalipire, musamuopseze ndi za manda, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Funsani ngati waganiza kale njira ndi tsiku. Ngati ndi choncho asakhale yekha, usana ndi usiku, muzisinthana, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwathu kuno kolima mbatata, tomato ndi kabichi, pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mankhwala opopera mbewu, ena a makoswe ndi a anankafumbwe. Achotseni onse, pamodzi ndi zingwe ndi mapilitsi otsala, mukatsekere kunyumba ina, kiyi asunge munthu wina. Mphindi zoopsazo zimafika n'kudutsa, ndipo munthu akapanda kupeza chida pafupi nthawi imeneyo, kawirikawiri amafika m'mawa ali moyo. Chenjeraninso ndi munthu amene anali wolemedwa kwambiri n'kungoti zii mwadzidzidzi, kumwetulira ndi kubweza tinthu tonse tobwereka. Nthawi zina kumeneko si kuchira, n'kuti wamaliza kuganiza.

Ngati wamwa kale mankhwala apoizoni aja, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere, chifukwa zimatha kulowa m'mapapo. Muvuleni zovala zimene zatayikira mankhwala, mumugoneke chammbali kuti malovu asamutsamwe, tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene akulimbana nacho, pezani njinga yamoto kapena galimoto, nyamukani. Akatuluka m'chipatala, masabata oyambirira ndi oopsabe, ndiye tsiku lobwerera kukaonana ndi adokotala lilembedwe pakhoma, ndipo pasankhidwiretu womuperekeza.

Nthawi yatithera. A ku Golomoti ndi a ku Kasinje amene munafunsa za achinyamata a kusekondale, makalata anu ndawasunga, tidzayambira amenewo sabata ya mawa. Tsalani bwino.