Seva ya makhadi awiri a netiweki: n'chifukwa chiyani yankho likutulukira khomo lolakwika?

[Kamera ili kumbuyo kwa seva]

Moni nonse. Taonani apa: seva ya Linux, makhadi awiri a netiweki. Waya wabuluuwu walowa pa khadi loyamba, eth0, ukuchokera ku rauta ya fiber. Wotuwayu walowa pa khadi lachiwiri, eth1, ukuchokera ku rauta ya 4G imene timaidalira fiber ikaduka. Timagetsi tonse tikuphethira bwinobwino. Koma wina ali kunja akayesa kuipeza seva kudzera pa eth1, zii, osayankhidwa.

Ambiri apa amayamba kusintha mawaya. Mawaya alibe mlandu. Tayipani ichi:

ip route show

Mzere woyamba ukuti default via 192.168.1.1 dev eth0, kutanthauza kuti chilichonse chimene chilibe njira yakeyake chizitulukira pa eth0. Linux ikafuna kutumiza paketi (kachidutswa ka uthenga), imangoona kumene paketiyo ikupita. Khomo limene funso linalowera siilikumbukira ayi. Ndiye mlendo wagogoda pa eth1, seva yamumva, koma yankho yalitulutsira pa eth0, litanyamula adiresi ya eth1, 10.0.0.10. Yankho lotere limatayika panjira, kapena likafika mlendoyo salizindikira. Nthawi zina silipangidwa n'komwe: rp_filter, sefa ya mapaketi olowa, ikakhala pa 1, kernel (mtima wa Linux) imataya paketi iliyonse yolowera khomo limene yankho lake silingatulukire.

Mwina mukuti tingoika default yachiwiri. Mutha kuiika, koma ya metric yochepa (metric ndi nambala yosankhira njira) ndi imene imagwira ntchito, inayo imangokhala pabenchi.

[Sikirini ya terminal]

Mankhwala ake ndi kuipatsa eth1 tebulo lakelake. Anthu ambiri sadziwa kuti Linux ili ndi matebulo angapo a njira, ndipo zimenezi zinayamba kale, pa kernel 2.2 ya mu 1999. Limene mwaliona lija ndi main, nambala 254. Palinso local, 255, ndi default, 253. Ife titenga 100. Nambalayi ndangoisankha, bola isagundane ndi zitatuzo.

ip route add 10.0.0.0/24 dev eth1 src 10.0.0.10 table 100
ip route add default via 10.0.0.1 dev eth1 table 100

Musaudumphe mzere woyambawo. Popanda iwo, ngakhale kompyuta yoyandikana nayo pa 10.0.0.0 iziyankhidwa mozungulira, kudzera pa rauta.

Tebulo lilipo tsopano, koma palibe akuliwerenga. Likufunika lamulo:

ip rule add from 10.0.0.10 table 100

Tanthauzo lake: paketi iliyonse yotuluka ndi adiresi 10.0.0.10 ifunse njira ku tebulo 100. Tayipani ip rule show muone. Malamulo amawerengedwa kuyambira nambala yaing'ono: 0 ndi local, 32766 ndi main, ndipo lathuli lakhala pa 32765, patsogolo pa main pang'ono chabe. N'chifukwa chake likumveredwa main isanafunsidwe.

Osangokhulupirira, tiyese:

ip route get 8.8.8.8 from 10.0.0.10

Mwaona? Ikuti via 10.0.0.1 dev eth1 table 100. Mukafuna kudzionera ndi maso, tsegulani tcpdump -i eth1 pa windo lina, muone funso likulowa ndi yankho likutuluka pa khomo lomwelo.

Kwa inu amene maina a makhadi anu ndi monga enp0s3, ingosinthani dzinalo, zina zonse n'chimodzimodzi.

[Kamera ili pa wolankhula]

Tsopano chimene chinandigwetsapo ine. Zonse tatayipazi zimafufutika seva ikazima, ndipo magetsi akathima UPS n'kutha mphamvu, mubwerera pomwe munayambira. Pa Ubuntu muzilembe mu fayilo ya netplan, imene imasunga makonzedwe a netiweki: routes zokhala ndi table 100, kenako routing-policy yokhala ndi from. Tsiku lina usiku ndinasintha fayilo imeneyi ndili kunyumba, pa SSH (njira yolowera mu seva uli kutali), n'kulakwitsa nambala imodzi ya gateway, adiresi ya rauta. Nditangotayipa netplan apply n'kudina Enter sikirini inauma gwa. Ndinadzitsekera panja ndekha, ndipo kunja kutacha ndinali pa kabaza, kiyibodi ili m'chikwama, kupita kumene kuli seva. Choncho m'malo mwa netplan apply, tayipani netplan try. Imakupatsani masekondi 120 kuti mutsimikize, ndipo mukapanda kudina Enter imabweza yokha zimene zinalipo kale.