Nkhata ija munaitaya pati?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tili pa Mlaliki 9:14-15, pa munthu wosauka uja amene anapulumutsa mudzi wonse, koma pambuyo pake panalibe womukumbukira.

Musataye nkhata, abale. Ndiyambire pomwepo.

Sabata ino mtima wanga wakhala ukuwawa. Tinali pamaliro masiku atatu, ine ndili kumadzi ndi kumoto, utsi uli thoo m'maso. Pofika nthawi yothokoza anatchula wogula bokosi, anatchula wobwereketsa galimoto, ife otunga madzi ayi. Ndinabwerera kunyumba osalankhula ndi munthu, ngakhale kupemphera kunandikanika. Ndinadziona ngati nkhata. Mtsuko ukafika pakhomo aliyense amathamangira madzi, nkhata imangoponyedwa kuseri kwa chitseko, chonsecho ndi imene inali pakati pa mutu ndi kulemera konse kuja.

Ndili m'maganizo amenewo ndinakumbukira kuti tili mu November, mwezi umene timavala kaduwa kofiira pachifuwa ndi kukhala chete mphindi ziwiri pokumbukira amene anapita kunkhondo. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, inafika mpaka ku Karonga mu September 1914. Asilikali a King's African Rifles ali ndi chipilala chawo ku Zomba, ndipo n'choyenera ndithu. Koma kumbuyo kwa msilikali aliyense kunali atengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza ufa, zipolopolo ndi mankhwala pamutu, wapansi, mvula ili pamsana, kulondola asilikali mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri anatengedwa mokakamiza. Ambiri sanafe ndi mfuti, anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda dzina. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 November 1918, koma kuno asilikali a Germany anadzagonja pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Masiku onsewo munthu wina anali adakasenzabe.

Anthu amenewa ankapota nkhata m'mawa uliwonse, ya udzu kapena ya kansanza, kenako iwo eniwo anatayidwa ngati nkhata. Pa nkhondo yachiwiri ana awo anakafika ku Abyssinia, ku Madagascar mpaka ku nkhalango za Burma, ena anabwerako n'kudzakalamba ali osauka, mendulo ili m'kathumba.

Apa ndi pamene Mzimu anandidzudzula, mofatsa koma mosabisa. Iwe ukulira masiku atatu osathokozedwa, nanga iwe wataya nkhata zingati? Ndinakumbukira azakhali anga amene anandisunga zaka zinayi ndili pasukulu, akugona pamphasa ine ndili pabedi lawo. Madzi ndinamwa, mtsuko ndinautama, nkhata ndinaiponya kuseri kwa chitseko. Chaka chatha chonse sindinawaimbire foni.

Mlongo wanga amene mukusenza banja lonse popanda wonena zikomo, mbale wanga amene mumasesa m'tchalitchi anthu asanafike, Ahebri 6:10 ndi wanu. Mulungu sali wosalungama kuti aiwale ntchito yanu. Mtengatenga aliyense amene anagona m'mbali mwa njira ija amamudziwa ndi dzina, ngakhale pamwala sanalembedwe. Kuwawa kwanga sikunatheretu, ndisaname, komabe dzulo ndinatha kugwada.

Musataye nkhata. Tikamakhala chete mphindi ziwiri zija, muikemo atengatenga, muikemonso munthu amene anakusenzani inuyo. Ngati kwanuko kuli gogo amene anapita kunkhondo, kapena mayi wamasiye wa msilikali, kamuoneni asanatisiye.

Atate, tikhululukireni poiwala amene anatisenzera katundu. Tonthozani amene akusenza lero popanda wowaona. M'dzina la Yesu, Amen.

Ine ndikangotumiza uthengawu ndikuwaimbira azakhali.