Tchizi ndi mkaka wa ng'ombe zathu: zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wa alimi kufupi ndi Ulongué

Zikomo amfumu, zikomo akuluakulu onse, azimayi ndi azibambo. Amene muli kumbuyo uko senderani kuno kumthunzi kuti timvane bwino.

Lero ndabwera ndi nkhani ya mkaka. Nonse mukudziwa momwe zimakhalira kuno ku Angónia. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, msipu umakhala wambiri, ng'ombe zimakhuta, mkaka umatuluka. Kwa amene ali ndi ng'ombe zingapo zokamwa, masiku ena mkakawo umaposa wofunika pakhomo. Ana amamwa, wina timaika m'chipanda kuti ukhale chambiko, wina timapatsa anansi, wina umawonongeka chifukwa msewu wopita ku msika uli matope okhaokha. Kukafika Seputembala ndi Okutobala, udzu wauma, wina wapsa ndi moto, ng'ombe yomwe ija mawere afota, ngakhale thole lake silikukhuta. Mwana amene ankamwa mkaka tsiku lililonse tsopano akudya phala lopanda kanthu.

Vuto limeneli si lathu tokha. Abusa a m'mapiri a ku Portugal, a ku Italy, a ku Ethiopia, onse anakumana nalo, ndipo njira yomwe anapeza ndi tchizi. Tchizi ndi mkaka womwe wachotsedwa madzi n'kuthiridwa mchere kuti ukhalitse. Luso lake ndi lakale kwambiri. Ku Poland akatswiri ofukula zakale anapeza zidutswa za mbiya zobooledwa timabowo, zomwe anthu ankasefera mkaka woundana zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Kunalibe magetsi, kunalibe firiji. Anali ndi ziweto, moto, mchere ndi mbiya, zinthu zomwe tili nazo m'mudzi muno.

Mkaka umaundana m'njira ziwiri. Yoyamba mukuidziwa kale: ukawawasa, monga umachitira chambiko, kapena mukathiramo madzi a mandimu kapena viniga. Yachiwiri ndi ya chinthu chomwe chimapezeka m'chifu chachinayi cha thole lomwe likuyamwa, chomwe chimaundanitsa mkaka m'mimba mwa tholelo kuti ugayike bwino. Masiku ano chimagulitsidwa m'timabotolo kapena chaufa. Sungani kusiyana kumeneku m'mutu, chifukwa ndi kumene kumachititsa kuti tchizi wina azisungunuka pamoto, wina ayi.

Tiyambe ndi ku Portugal, chifukwa ena mwa inu munawaonapo maina awa m'mashopu a mumzinda wa Tete. Kumapiri a Serra da Estrela kumazizira, ndipo kumeneko amaweta nkhosa. Tchizi wawo ndi wa mkaka wa nkhosa, ndipo amauundanitsa ndi maluwa ouma a chomera chaminga chotchedwa cardo. Amatuluka wofewa kwambiri mkati, moti ena amangodula chapamwamba n'kumatapa ndi supuni kupaka pa buledi. Koma ku zilumba za Açores, pa chilumba cha São Jorge, mvula imagwa pafupipafupi, msipu ndi wobiriwira nthawi yaitali, choncho amaweta ng'ombe, ndipo tchizi wawo ndi wamkulu, wolimba, woluma pang'ono pa lilime. Dziko ndi limodzi, chiyankhulo ndi chimodzi, koma tchizi ndi wosiyana chifukwa ziweto, udzu ndi nyengo ndi zosiyana.

Ku Italy kuli wina wotchedwa Parmigiano Reggiano. Chigubu chimodzi cha tchizi ameneyu chimalemera pafupifupi makilogalamu 40, ndipo chimadya malita a mkaka oposa 500. Saloledwa kumugulitsa ndi dzina limenelo asanakhale m'nkhokwe miyezi 12. Amauma gwa, ndiye pophika amangomupala tizidutswa pamwamba pa makaroni kapena supu, pang'ono chabe, chifukwa kukoma kwake ndi kwamphamvu. Madzi otsala popanga tchizi ameneyu sataya: akhala akudyetsa nkhumba za m'dera lomwelo la Parma. Amene mumaweta nkhumba mumve pamenepo. Kummwera kwa Italy, cha ku Napoli, ndiye kwawo kwa mozzarella, wopangidwa ndi mkaka wa njati zoweta za m'madambo, zomwe ndi mtundu wina, osati njati yathu ya m'tchire. Iyeyu ndi uja amatamuka pa pizza. Ku England kuli mudzi wotchedwa Cheddar, ku Holland kuli tauni ya Gouda, ndipo tchizi wachikasu amene mumamuona m'masangweji watenga maina kumeneko.

Wa ku France wotchedwa Roquefort ndimutchule mosamala. Ndi wa mkaka wa nkhosa, amamusunga m'mapanga ozizira a m'phiri, ndipo mkati mwake mumakhala mizere ya chuku chobiriwira. Chuku chimenecho ndi mtundu wosankhidwa, wodziwika, wothiridwa dala. Si chuku chomwe chimagwira chimanga kapena mtedza m'nkhokwe zathu, chomwe chimawononga chiwindi. Tchizi wanu wapakhomo akachita chuku, tayani, musanene kuti a ku France amadya.

Kunena zoona, mitundu yomwe ndatchulayi si yathu yoyambira. Imafuna chipinda chozizira miyezi yambiri ndi mkaka wochuluka: pa tchizi wouma pamalowa malita pafupifupi 10 kuti mupeze kilogalamu imodzi. Ng'ombe zathu za mtundu wa Angone ndi zolimba, zimakoka ngolo ndi pulawo, zimapirira matenda, koma mkaka sizitulutsa wambiri, ndipo thole liyenera kuyamba layamwa. Amene ife tingaphunzire kwa iwo kwenikweni ndi anthu a kumaiko otentha, amene alibe mapanga ozizira.

Ku Benin ndi maiko oyandikana nawo, azimayi a mtundu wa Afulani amapanga tchizi wotchedwa wagashi. Amatenthetsa mkaka wa ng'ombe, kuthiramo madzi a masamba a chitsamba china chamkaka, kusefa m'timadengu, n'kutuluka timiphumphu toyera. Ena amatinyika m'madzi ofiira a makoko a mapesi a mapira kuti tioneke bwino pamsika. Pofuna kuti tisawonongeke amatiwiritsanso m'madzi a mchere. Pophika amadula, kukazinga m'mafuta, n'kuponya mu msuzi wa tomato m'malo mwa nyama. Chitsamba chimenecho musachiyese kuno, chifukwa utomoni wake ndi woopsa kwa wosadziwa muyeso wake. Ife mandimu tili nawo. Ku Ethiopia kuli ayib. Amayamba apukusa mkaka wowawasa kuchotsa batala, wotsalawo amautenthetsa pang'onopang'ono mpaka uundane, n'kusefa. Amadyera limodzi ndi ndiwo zamasamba, kapena ndi nkhuku yatsabola wambiri kuti aziziziritsa mkamwa. Amenewa ali pafupi kwambiri ndi chambiko chathu. Ku India kuli paneer, wa mkaka wowiritsa ndi mandimu, amene amaphikira pamodzi ndi masamba. Ku Greece feta, wa mkaka wa nkhosa wosakaniza pang'ono ndi wa mbuzi, amamusunga m'madzi a mchere. Ku Brazil, m'chigawo cha Minas Gerais, amasakaniza tchizi ndi ufa woyera wa chinangwa, mazira ndi mafuta n'kuphika timabanzi totchedwa pão de queijo. Chinangwa chomwechi chomwe timachiona ngati chakudya cha nthawi ya njala, kumeneko chikugulitsidwa m'malesitilanti.

Tsopano ndifotokoze kapangidwe kake ka njira ya mandimu, ndipo azimayi a m'gulu mumvetsere bwino chifukwa Loweruka tidzachita ndi manja.

Ntchito imayambira kukhola. Wokama asambe m'manja ndi sopo, atsuke mawere a ng'ombe ndi madzi ofunda, chidebe chikhale chotsukidwa ndi madzi owira. Ng'ombe yomwe bere latupa, kapena mkaka wake ukutuluka ndi timagazi kapena mafinya, musaisakanize ndi zinzake. Yomwe yabayidwa jekeseni ya mankhwala, dikirani masiku amene alangizi a ziweto akuuzani. Sefani mkaka ndi nsalu yoyera. Kenako uwiritseni. Pamenepa sindikunyengererani. Mu mkaka wosawiritsa mumatha kukhala tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndi ta matenda aja amene amachititsa ng'ombe kutaya bere, omwe kwa munthu amabweretsa malungo obwerabwera, thukuta usiku ndi kuphwanya kwa mafupa. Kumafakitale amatenthetsa mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30. Ife tilibe choyezera kutentha, choncho tiusiye ufike powira, tikutakasa ndi mthiko kuti usapserere pansi.

Ukayamba kukwera, phulani poto. Thirani madzi a mandimu osefa bwino, masupuni aakulu 2 kapena 3 pa lita imodzi, pang'onopang'ono, mukutakasa mofatsa. Yang'anani m'potomo. Mudzaona mkaka ukung'ambika, tizigamba toyera tikuyandama, ndipo madzi ake akusanduka achikasu chobiriwirira, oonekera mpaka pansi. Akakhala kuti akadali oyera ngati mkaka, onjezani mandimu pang'ono. Mukathira ochuluka, tchizi amawawasa ndipo amalimba ngati mphira. Siyani mphindi 10 osagwedeza. Yalani nsalu yopyapyala yomwe mwaiwiritsa pa sefa, pansi pake ikani beseni, tsanulirani. Wazani mchere, mangani nsaluyo mfundo, ikani pa mbale, pamwamba pake mbale ina, n'kutsindira ndi mwala wotsuka kwa ola limodzi kapena awiri. Mukamasula mudzapeza chibuma choyera, chodulika ndi mpeni osaphwanyika. Pa malita 5 muyembekezere tchizi wosafika kilogalamu imodzi.

Madzi a m'beseni aja musataye. Muli zakudya. Phikirani phala la ana, kandirani ufa wa mandasi, kapena patsani nkhumba.

Tchizi wa mandimu sasungunuka pamoto. Ndi chifukwa chake amakoma kukazinga: dulani timagawo, ikani m'mafuta otentha mpaka tifiire mbali zonse, n'kuponya mu mpiru, mu bonongwe kapena mu nkhwani wa tomato ndi anyezi. Ndiwo imeneyo imayenda ndi nsima bwinobwino. Mukhozanso kumuphwanyira pa mbatata ya kachewere yowiritsa, yomwe kuno ndi ku Tsangano timalima yambiri. Koma ngati munthu wa lesitilanti akufuna wa pizza, musamugulitse ameneyu, chifukwa adzakhala pamwamba pa pizzayo osatamuka, ndipo munthuyo sadzabweranso. Wa pizza amafuna njira yachiwiri ija, ndipo ndi phunziro la tsiku lina.

Mayi apo mwafunsa kuti amakhala masiku angati. Funso labwino, amayi. Wopanda mchere wambiri, popanda firiji, mudye tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira, zimathandizako, koma musadalire zimenezo. Kuti akhalitseko, chitani ngati a ku Greece ndi a ku Benin: wiritsani madzi, sungunulanimo mchere wambiri, aziziritseni, n'kumiza tchiziyo mu botolo lotsuka ndi madzi owira, lotsekeka bwino, pamalo ozizira m'nyumba. Pophika muyambe mwamuviika m'madzi abwino kuti mchere uchepe. Akayamba kuterera, kununkha kapena kufufuma, ameneyo wapita. Ndisakunamizeni kuti njira imeneyi ifikitsa mkaka wa Febuluwale mpaka Okutobala. Kuti tifike pamenepo tidzafunika tchizi wouma, kachipinda kozizira ndi mkaka wa makola angapo pamodzi. Koma gulu lomwe silinazolowere kukama mwaukhondo ndi kupanga wa tsiku limodzi silingathe wa miyezi sikisi.

Abambo mwati mkaka umakutsegulani m'mimba. Akuluakulu ambiri zimawachitikira, chifukwa thupi limaleka kugaya shuga wa mu mkaka munthu akakula. Shuga wambiri ameneyo amapita ndi madzi aja timasefa, choncho ambiri amene mkaka umawavuta amatha kudya tchizi pang'ono, makamaka wokhalitsa. Yambani ndi kachidutswa muone momwe thupi likulandirira.

Chinthu china chomwe ndikufuna amfumu ndi a komiti muchiganizire ndi dzina. Roquefort anatetezedwa ndi lamulo la dziko la France mu 1925, moti munthu wa kwina sangapange tchizi wake n'kumutcha dzina limenelo. Serra da Estrela ndi Parmigiano nawonso ndi otetezedwa. Zimenezi si zachilendo kwa ife: mbuzi ya kuno, Cabrito de Tete, inalembetsedwa mwa njira yomweyo, chifukwa kukoma kwa nyama yake kumachokera ku zomwe imadya m'tchire la chigawo chino, monga masau ndi malambe. Tchizi wambiri amene ali m'mashopu a ku Tete amachokera kunja, ku South Africa ndi ku Portugal, pomwe ng'ombe zili kuno kumtunda. Ine ndikukhulupirira kuti tchizi wa mkaka wa Angónia angapeze ogula, koma dzina limabwera ngati wa Lolemba akukoma chimodzimodzi ndi wa Lachisanu, ndipo palibe amene wadwala naye. Choncho gulu ligwirizane muyeso umodzi wa mandimu, muyeso umodzi wa mchere, ndi munthu mmodzi woyang'anira ukhondo amene akakana mkaka wa mnzake sitimukwiyira.

Loweruka tikumane pano m'mawa, mkaka ukangokamidwa. Khomo lililonse lomwe likukama libweretse lita imodzi m'chidebe chovindikira. Azimayi a komiti mubwere ndi poto wamkulu, sefa, beseni ndi nsalu ziwiri zoyera zosagwiritsidwapo ntchito ina. Achinyamata mutole nkhuni ndi mandimu. Mchere ndi mafuta okazingira ndibweretsa ine. Zikomo amfumu.