Kodi sitolo ikudziwa kumene katundu wake wachokera?

Zikomo nonse chifukwa chobwera. Ambiri mwamva kuti masiku apitawa katundu wina anachotsedwa m'mashelefu a supamaketi, ndipo amene munali mutagula kale munayamba kuda nkhawa. Chimene ndikufuna mugwiritsitse lero ndi ichi: sitolo imene sidziwa kumene katundu wake wachokera singakutetezeni.

Mu Januwale 2013, akuluakulu oona za ukhondo wa zakudya ku Ireland anapeza nyama ya hatchi m'zakudya zimene pa paketi panalembedwa kuti ndi nyama ya ng'ombe. Nkhaniyo inafika ku Britain, ku France ndi kumayiko ena a ku Ulaya, ndipo atafufuza anapeza kuti nyama ina inadutsa m'manja mwa amalonda a mayiko angapo, moti masitolo akuluakulu enieniwo sankadziwa chimene ankagulitsa. Ifenso ogula tisadziyeretse, chifukwa timathamangira chotchipa, zolembedwa pa paketi osaziwerenga n'komwe.

(Bambo wina akufunsa ngati kugula mosamala chotere sikukweza mitengo.)

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo sindikunamizani. Kuyendera alimi, kuika mafiriji m'magalimoto ndiponso kusunga mabuku a katundu aliyense kumadya ndalama. Komatu mu 2019 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena kuti pafupifupi 14 peresenti ya chakudya cha padziko lonse imawonongeka chikakololedwa, chisanafike n'komwe m'sitolo, ndipo mtengo wa chowolacho umabisala m'mtengo wa chimene inu mwagula. Sitolo imene imapangana ndi mlimi nthawi ikadalipo, n'kumamulipira pa tsiku limene anagwirizana, imathandiza mlimiyo kudziwa kuchuluka kwa zoti alime ndi tsiku loti akolole, choncho zotayika zimachepa ndipo mashelefu sakhala opanda kanthu. Imene imasintha woiperekera katundu sabata iliyonse pofuna wotsika mtengo imapulumutsa pang'ono lero, koma tsiku limene chinthu chavuta, sidziwa ngakhale khomo loti ikagogode. N'chifukwa chake malangizo a padziko lonse a kagulidwe ka katundu mosamala otchedwa ISO 20400, amene anatuluka mu 2017, amalimbikitsa ogulira mabungwe kuwerengera mtengo wonse wa katundu, kuphatikizapo mmene akukhudzira antchito ndi chilengedwe. Ndibwerezenso, bambo: sitolo yosadziwa gwero la katundu wake singakutetezeni.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kuchitseko, ndiye ndifulumire. Werengani tsiku lothera ntchito ndi dzina la wopanga katundu. Sungani lisiti ndi paketi, popeza nambala imene ili pa paketiyo ndi imene amalengeza akamaitanitsa katundu woipa kuti abwezedwe. Zakudya za m'firiji ziyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsika apo, choncho mukapeza firiji yofunda, uzani woyang'anira sitolo nthawi yomweyo. Inu amene mumaperekera masitolo katundu, muzilemba tsiku lokolola, tsiku lotumiza ndi dzina la amene walandira, ndipo akusainireni musanachoke.