Makalata a Omvera: Ayezi wa pa Kilimanjaro ndi Madzi a mu Shire

Tabweranso ndi makalata anu. Yoyamba yachokera ku Ngabu, kwa bambo amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti:

"Mwana wanga wa Fomu 3 akuti ayezi wa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro akutha. Ine ndinangoseka. Kuno mu Okutobala timagona panja chifukwa cha kutentha, ayezi timamuona mufiriji ya pagolosale. Zikutikhudza chiyani ife?"

Bambo, mwanayo sananame, mumugulire chigumu. Kilimanjaro, la ku Tanzania lija, ndi lalitali mamita 5,895, ndipo kuchokera mu 1912 ayezi woposa 80 peresenti wapita. Mu 2022 a UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, ananena kuti pofika 2050 angadzatheretu, pamodzi ndi wa pa Mount Kenya.

Inu ndinu mlimi, ndiye taganizirani nkhokwe. Chipale chofewa, madzi oundana amene amagwa ngati ufa kumalo ozizira kwambiri, chikagwa pamwamba pa phiri chimaunjikana zaka mazanamazana mpaka kusanduka ayezi wolimba gwa ngati mwala. Chilimwe chikafika chimasungunuka pang'onopang'ono, mitsinje n'kumayenda ngakhale kumwamba kuli mbee. Ayezi wa pa Kilimanjaro ndi wochepa, anthu a kumeneko madzi awo ambiri amachokera m'nkhalango za m'mbali mwa phiri. Amene ali pamoto ndi a m'mayiko ouma. Ku Pakistan tirigu ndi thonje amathirira ndi mtsinje wa Indus, umene umadalira kwambiri ayezi wa m'mapiri a Karakoram ndi Himalaya. Ku Bolivia, ayezi wa pa Chacaltaya, pafupi ndi mzinda wa La Paz, anatha mu 2009, patsala miyala yokhayokha. Ndipo chinthuchi chimanyenga: zaka zoyamba madzi amachuluka, anthu n'kukuza minda, osadziwa kuti akudya za m'nkhokwe yobowoka pansi.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Makhanga:

"Pa Freddy madzi analowa usiku, tinathawa ndi ana okha, mbuzi ndi mbatata za kudimba zinapita. Anthu ena akuti anali madzi a ayezi wosungunuka. Ndi zoona?"

Pepani kwambiri mayi. Ayi, amene aja anali madzi a mvula ya namondwe ya mu Malichi 2023, otsika ndi Ruo kuchokera ku Mulanje kudzakumana ndi Shire pa Chiromo. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002, kumazizira zedi, koma ayezi wokhalitsa kulibe. Chimene chikugwirizanitsa nkhani ziwirizi ndi kutentha kwa dziko: ndi kumene kukusungunula ayezi, ndiponso mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, mvula ikagwa n'kugwa yoopsa.

Ndibwerere kwa bambo a ku Ngabu. Nkhokwe yathu ife ndi nyanja ya Malawi. N'chifukwa chake Shire amayenda mu Okutobala, nzimbe za ku Nchalo n'kumabiriwira, magetsi n'kumapangidwa pa Kapichira. Komatu pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka ku Mangochi. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene anamva nkhaniyi kwa makolo awo, tilembereni, tidzaiwerenga pano.

Mayi a ku Makhanga, takhuta polemba. Nyimbo ikubwerayi ndi yanu.