Ndalama za bungwe, kapu ya tiyi ku Yorkshire ndi supuni ya azakhali

Moni moni abale anga, mwaswera bwanji konse komwe muli, a ku Joni, a ku Dublin, anzanga ozizidwa a ku Leeds, ndi inu a kuno kumudzi amene mumamvera pa foni ya mwana bandulo ikalola. Lero ndikujambulira kwathu ku Nkhotakota, ndili pa holide, ndiye mukamva tambala kapena njinga yamoto ikudutsa musadabwe, maikolofoni ndasiya ku England ndangotenga foni basi.

Nkhani ya lero yachokera kwa mtsikana wina wa ku Dwangwa, wanditumizira voice note yaitali kwabasi, akuti achemwali ine ndikufuna ntchito yanuyo ya occupational therapy (OT, yothandiza odwala kuti azithanso kudzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku) koma ndinamva mukudandaula kuti mumadulidwa ndalama za bungwe mwezi ndi mwezi, nde zimenezo nzaphindu lanji, komanso ntchitoyo ikukomerani chani poti kuno anthu amangodziwa dokotala, nesi ndi a physio. Mng'ono wanga khala pansi umve.

Ku UK kuli zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba ndi HCPC, Health and Care Professions Council, awa si anzako ayi, ndi oyang'anira, ntchito yawo ndi kuteteza odwala kwa iweyo ukamalakwitsa. Amayang'anira ntchito 15 za zaumoyo, ma physio, ma radiographer, ma paramedic ndi ife tili momwemo, ndipo popanda dzina lako mu kaundula wawo kudzitchula occupational therapist ndi mlandu, olo utakhala ndi digiri yonyezimira bwanji. Ife ochokera kunja timatumiza mapepala a sukulu osonyeza zonse tinaphunzira ndi maola amene tinagwira pa odwala, umboni wochokera ku bungwe lolembetsa la kwathu, kwa ine a Medical Council of Malawi, komanso mayeso a chizungu a IELTS amafuna 7.0 ndipo pasakhale gawo lotsika kuposa 6.5. Ukalowa sizithera pompo, zaka ziwiri zilizonse umalembetsanso, ndipo amatola anthu 2.5 pa 100 aliwonse mwa mwayi kuti aonetse umboni woti akupitiriza kuphunzira, CPD imene ija. Apa palibe kusankha, umalipira ufune usafune.

Chachiwiri ndiye bungwe lathu, RCOT, Royal College of Occupational Therapists, dzina la Royal analilandira mu 2017. Ili palibe amakukakamiza, ndipo ndikudziwa ma OT anzanga ochokera kuno ku Africa amene salowa, amati ndalama imeneyo bola nditumize kumudzi igule feteleza, ndipo ndimawamvetsa chifukwa mwezi ukatha rent yadya, council tax yadya, magetsi ndi gasi nyengo yozizira zadya, WhatsApp nayo ikulira kuti fizi ya mwana wa achimwene. Koma ine maganizo anga ndi akuti munthu wobwera, wa visa yomangiriridwa kwa bwana mmodzi, ndi amene akufunika bungwe kuposa mzungu wobadwira komweko. Taonani akabaza apa pa boma, aliyense amasonkha kenakake ku siteji kwake ndipo amang'ung'udza, koma tsiku loti njinga yagwidwa ndi tcheyamani wa siteji amene amapita kukalankhula, wopanda siteji amangoima panja kumaimbira foni achibale.

Ine zinandichitikira ndili watsopano. Ntchito yanga yoyamba inali ku kampani ina yosamalira okalamba, sinditchula dzina, pa kontrakiti analemba bwinobwino kuti OT koma ndikaona rota ndili pa ma shift osambitsa ndi kudyetsa, zimene si zonyozeka ayi ndi ntchito yolemekezeka koma si imene anandilembera, kenaka manijala anayamba kundibweretsera mafomu a assessment oti ndisayine a anthu amene sindinawaone nkomwe, akuti tangosayinani apa inu muli ndi nambala ya HCPC. Mxii. Ukasayina chinthu chotere, gogo uja nkugwa pa bedi lolakwika, amene amaitanidwa ku HCPC ndi iwe, manijala ali phee kunyumba kwake. Koma kukana nako mantha, chifukwa amene akukuuzayo ndi yemweyo wagwira visa yako. Ndinaimba foni ku bungwe, ali ndi anthu olangiza za ntchito, mayi wina anandimvetsera mofatsa nkundiuza kuti ndilembe zonse ndi madeti ake ndipo ndisasayine kanthu, nkundilumikiza ndi a UNISON, poti umembala wa RCOT umabwera limodzi ndi union imeneyi. Lamulo la kumeneko limalola kuti pa msonkhano wa madandaulo upite ndi munthu wa union, nde tsiku lake anabwera bambo wina wamfupi ndi kachikwama kakuda, sanakweze mawu olo kamodzi, anangotsegula kope nkufunsa kuti mafomuwa anawalamula ndani, abale manijala uja chizungu chinamuthawa. Mafomu sanabwerenso, ndipo nditapeza malo ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, ndinachoka mwaulemu.

Zina zimene umapeza ndi inshulansi yoti ukasumiridwa pa ntchito, magazini ya OTnews, British Journal of Occupational Therapy yoti uziwerenga kafukufuku, ndi timagulu ta anthu a mbali imodzi, ine ndili mu kagulu ka ma stroke ndi ubongo, timakumana pa Teams madzulo ndipo zimenezi ndi zomwe ndimalemba mu faelo yanga ya CPD. Interview ya band 6, giredi ya malipiro ku NHS, anandikonzekeretsa ndi mayi amene ndinadziwana naye mmenemo. Sikuti zonse ndi zokoma, misonkhano ikuluikulu ndi yodula ndipo nthawi zina umayang'ana muholo nkuona kuti akuda tilimo owerengeka, koma ukakhala panja ndiye sawerenga nkomwe.

Pamwamba pa onse pali WFOT, World Federation of Occupational Therapists, ya dziko lonse lapansi, inayamba mu 1952 ku Liverpool, ndipo mng'ono wanga apa tchera khutu, WFOT imavomereza masukulu ndipo imafuna maola 1,000 a practical, nde usanalipire fizi kulikonse yang'ana kaye pa mndandanda wawo ngati sukuluyo ilipo. Ena mwa ife tinaphunzira ku Moshi ku Tanzania, pa chipatala cha KCMC. Kuno kwathu kulinso Occupational Therapy Association of Malawi, ndi kagulu kochepa koma usakanyoze, ukakhala pa chipatala cha boma uli OT yekhayekha, abwana ako osadziwa kuti umapanga chani, anthu okhawo omvetsa mavuto ako ndi amenewo. Ndipo ndikuchenjezeni nonse, Malawi ili pa mndandanda umene a UK amautcha red list, wochokera ku WHO, wa mayiko amene ogwira ntchito zaumoyo ndi operewera, kutanthauza kuti ma agent saloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno, chololedwa ndi choti iweyo wekha ufunsire ntchito mwachindunji. Nde wina akakuuzani pa Facebook kuti tumizani ndalama ndikupezerani malo ku NHS, mudziwe kuti mbuzi zanu zapita.

Tsopano za kukoma kwa ntchito. Ndalama ndisaname, ukayisintha mu makwacha imaoneka yambiri, umayambira band 5 nkumakwera, koma ikanakhala ndalama yokha ndikanasiya kalekale, mdima wa 4 koloko masana mu December si masewera. Chimene chimandigwira ndi china. A physio amafuna mwendo uyende, ife timafunsa kuti ukayenda ukufuna ukapange chani, kusamba wekha, kuphika, kubwerera ku ntchito, kupita ku tchalitchi. Ku ward kwathu kuli kakhitchini kakang'ono, munthu asanatuluke mchipatala timamutengera mmenemo kuti apange tiyi, mukuseka eti, koma mu kapu imodzi ya tiyi umaona zonse, ngati akukumbukira kuti madzi ayambe awira, ngati akuona kapu imene ili kumanzere kwake poti ena stroke imawaiwalitsa mbali yonse imodzi, ngati atha kuima osagwa, ngati azimitsa moto. Panali agogo ena aamuna, anagwira ntchito mu mgodi wa malasha unyamata wawo wonse, akazi awo anamwalira, ana akufuna kuwapititsa ku nyumba ya okalamba iwo akukana kuti ndikafera mnyumba mwanga. Poyamba ankathira mkaka mu ketulo, teabag mu shuga, nkukwiya nkundiuza kuti ndichoke. Tinkabwereza mmawa uliwonse, ndinamata timapepala tofiira pa makabati, ndinawapezera mpando wautali wotsamira ndi kachitsulo kopendekera ketulo kuti asanyamule madzi otentha, mpaka mmawa wina anapanga makapu awiri okha popanda ine kuyankhula, nkundikankhira imodzi, tiyi wake wakuda bii wowawa koma ndinamwa yense. Kunyumba kwawo tinakayeza masitepe ndi bafa, a khonsolo anaika zogwirira ndi shawa yolowa osakwera, kuli thandizo lotchedwa Disabled Facilities Grant limene ku England limafika mpaka £30,000, ndipo anabwerera kwawo.

Ndiye wina anena kuti zimenezo nza azungu, kuno khonsolo yake iti. Imvani izi. Ndafika kuno ndapeza azakhali anga a ku Chia anagwidwa sitiroko chaka chatha, BP ija timainyozera, dzanja lamanja lafooka ndi mwendo womwe. Anawasamalira bwino zedi, mwina mopitirira, chilichonse kuwapangira, kuwadyetsa, kuwaveka, kuwanyamula kupita kuseri, iwo angokhala pa mkeka maso pansi, mayi amene ankagulitsa usipa mpaka ku Kasungu. Chikondi chathu chimenechi nthawi zina chimamaliza munthu, ndinawauza asuweni anga mosabisa ndipo sanakondwe poyamba. Nditakhala nawo pansi ndinawafunsa kuti azakhali chikukupwetekani mtima kwambiri nchiyani, ndimayembekeza anena mwendo, iwo akuti mwana wanga kuvulidwa ndi mpongozi ku chimbudzi.

Tinayambira pomwepo. Kalipentala wa pa msika anaboola mpando wathabwa pakati, tinauika pamwamba pa dzenje nkuukhomera kuti usagwedere, achimwene anazika mitengo nkumanga nsungwi yogwirira kuchokera pa khonde mpaka pa khomo la chimbudzi, chitenje tinasokerera lamba wa lastiki kuti azikweza ndi dzanja limodzi. Supuni ndinaikulunga chubu cha njinga mpaka chogwirira chinanenepa kuti zala zofooka zija zizitha kufumbata, mbale tinaika pa kansalu konyowa isamathawe. Nkhondo inali pa kondowole, poti ameneyo sadyera supuni, ndipo iwo kudya ndi lamanzere amati nzamanyazi, anthu aziti chani, mpaka amalume anachita kukhala nawo mbale imodzi nkumadya ndi lamanzere nawonso kondowole akumata zala zonse tonse kuseka. Dzanja lodwalalo sitinalisiye, ntchito yake ndi kusankha mpunga mu lichero ndi kutola usipa kuika mmilu ya malonda, poti dzanja limabwerera msanga likamagwira ntchito imene mwini wake akuifuna, kufinya kampira kokha munthu amatopa nako. Zonsezi ndalama yake siyinafike ya thumba la simenti. Ndinajambula zithunzi, azakhali atavomera, ndipo ndikabwerera ndikaonetsa ku kagulu kathu ka stroke kaja, chifukwa anzanga kumeneko chipangizo chikachedwa kubwera ku sitolo amangoti tidikire.

Nde mng'ono wanga wa ku Dwangwa, limbikira biology ndi chizungu, pita pa chipatala cha boma kapena ku St Anne's ukapemphe kuonerera a rehabilitation mmene amagwirira, ukakhala ku Blantyre kaone ku malo a rehabilitation a Kachere, uone ngati mtima wako ungapirire munthu womanga batani limodzi kwa mphindi khumi iwe manja ali kumbuyo osamuthandiza, chifukwa ambiri amalephera pamenepo. Ukadzayamba sukulu lowa bungwe udakali wophunzira, nthawi imeneyo mtengo umakhala wotsika.

Sabata ya mawa tikamba za kutumiza ndalama kumudzi ndi ma rate, mafunso achuluka kwambiri pa nkhani imeneyo, tumizani ma voice note koma chonde afupiafupi. Amayi akundikodola kuti nsima ikuzizira, tionana.